Kadontho Kofiira pa Denga la Ackson

Ukwati wa Ackson Phiri ndi Imelda Banda udali wa uja amayi amalozera ana awo aakazi n'kunena kuti, "Ukadzakula udzapeze mwamuna wotere." Ackson adali mnyamata wa ku Nambuma, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Kabudula, wamtali, wansangala, wosatha kudutsa munthu osamupatsa moni. Atakwatira adabwera kudzakhala chikamwini kwa Msinde, kwawo kwa mkazi, ndipo posakhalitsa adaumba njerwa, kuotcha, n'kumanga nyumba yamalata pamalo amene apongozi ake adamulozera. Mwana wawo Naomi adaphunzirira kuyenda pakhonde la nyumba imeneyo.

Imelda, amene mwamuna wake ankamuitana kuti Nabanda, adali ndi mutu wa sukulu. Ataphunzira za makompyuta ku tauni, bungwe lina loona za madzi lidamulemba ntchito yosamalira mapu a mijigo ya m'dera la Kabudula ndi Nsaru. Mapuwo adali pa intaneti, ndipo aliyense wa foni yamakono ankatha kuwatsegula. Mjigo uliwonse udali kadontho, kobiriwira ngati ukutulutsa madzi, kakuda ngati wafa. Padalinso kadontho kamodzi kofiira, kolembedwa dzina, kosonyeza kumene anthu angapeze mlangizi wokonza mijigo. Mlangiziyo adali Hudson Mwale, bambo wofatsa wa ana atatu, ndipo kadontho kake kankakhala pa Nsaru pamene padali nyumba yake.

Hudson ankazungulira m'midzi ndi zipangizo zake, n'kumatumizira Imelda uthenga kuti mjigo wakuti wafa, wakuti wadzuka, ndipo Imelda ankakonza mapu. Poyamba ankachita kutsegula tsamba la mapuwo, lolemera, lomangozungulira osatseguka, lodya bandulo ngati mbuzi zalowa m'chimanga. Kenaka a ku ofesi ya bungwelo adamuikira mu laputopu kachida kowonjezera m'kati mwa pulogalamu yolembera malamulo a kompyuta otchedwa makodi. Ndi kachidako, mapu onse ankatseguka ngati mizere ya mawu ndi manambala, mzere umodzi kadontho kamodzi. Ukasintha manambala awiri osonyeza malo n'kudina mabatani awiri, kadontho kankasamuka nthawi yomweyo pa mapu amene dziko lonse likuona. Kachidako sikankafunsa n'komwe kuti kodi mwatsimikiza.

Vuto lidali netiweki. Kwa Msinde foni imagwira bwino pamalo amodzi okha, pa chulu chachikulu cha mtengo wa mthethe, m'mphepete mwa minda ya fodya. Masana alionse Imelda ankakulunga laputopu m'chitenje n'kukakhala pamenepo. Masiku amenewo Ackson sankaonapo cholakwika, ndipo pa siteji ya kabaza ankadziguguda pachifuwa.

"Mkazi wanga ine, dziko lonse la Kabudula lili m'manja mwake," ankatero. "Mukasochera mudzafunse Nabanda, akuuzani pamene mwaima."

Chikondi chikamayamba chimakoma bwanji! Koma mumtima mwa Ackson mudali kale kambewu kena, ndipo kadadzalidwa ndi njinga imene ankayendetsa. Njingayo sidali yake. Mwini wake, bambo wina wa golosale pa Nsaru, adaikamo kachipangizo kotchedwa thiraka, kamene kamaonetsa pa foni pamene njinga ili. Tsiku lina Ackson adanamiza bwanayo kuti ali kuchipatala ndi wodwala, pamene adali pamowa ku Namitete. Bwanayo sadakangane naye. Adangobwera pa siteji n'kumuonetsa foni, kadontho kataima pakhomo pa bala, ndipo anzake adaseka mpaka kugwira nthiti. Ackson adameza manyazi, koma phunziro adalisunga: munthu anganame, kadontho sikanama.

Cholakwa cha Imelda chidali chaching'ono kwambiri moti kuchifotokoza kumangochititsa chisoni. A ku ofesi adamuuza kuti ayeserere kuika malo atsopano pogwiritsa ntchito malo amene akuwadziwa. Iye adaima pakhonde n'kutenga pa foni manambala a nyumba yake. Atafika pa chulu, Naomi akumukoka chitenje kulirira madzi, adamata manambalawo pa mzere wolakwika, mzere wa Hudson, ndipo zala zake zozolowera zidadina zokha mabatani aja. Adatseka laputopu n'kubwerera kunyumba osadziwa kanthu. Kuyambira masana amenewo, aliyense wotsegula mapu ankaona dzina la Hudson Mwale litakhazikika pa denga la Ackson.

Woyamba kuona adali Nedson, mnzake wa pa siteji, amene adali mu komiti ya mjigo wa kwawo. Munthu wanzeru akadamutengera mnzake pambali. Nedson adayamba waonetsa siteji yonse, kenaka n'kumukodola mwini nkhani.

"Aise Ackson, tabwera kuno. Nyumba yamalata iyi si yako eti?"

Ackson adasuzumira. Chithunzi chojambulidwa kuchokera m'mwamba chinkaonetsa bwino denga lake, khola la nkhumba ndi mtengo wa mango.

"Ndi yanga. Bwanji?"

"Nanga a Hudson akutani pamenepo dzuwa lili paliwombo, iwe uli kuno kusaka ya sopo?"

Phwete lidaphulika. Wina adakuwa kuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Wina adati mkamwini akhale maso, poti nyumba adamanga pamalo a eni. Ackson adaliza njinga, ndipo fumbi limene adasiya lidatsokomoletsa amayi ogulitsa tomato.

Adapeza Imelda ali pamphasa akusenda mtedza. Njinga adangoigwetsera pansi, n'kulowa m'nyumba, kusuzumira kunsi kwa bedi, kubafa, ngakhale m'nkhokwe. Adatuluka maso ali gwaa.

"Ali kuti?"

"Ndani, a Phiri?"

"Usandiyese mwana iwe! Hudson ali kuti? Siteji yonse yaona dzina lake pa denga langa, ine ndekha ndiye chitsiru!"

Imelda adakumbukira tsiku loyeserera lija ndipo adagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndinamata pa mzere wolakwika. A Phiri, kadontho kameneko si thiraka ayi, sikatsata munthu. Ndi manambala chabe amene ndimalemba ine ndi zala zangazi."

"Ndiye kuti unamulemba wekha pa nyumba yanga! Wavomera ndi pakamwa pako!"

"Sindikutero. Tamverani..." Adathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi laputopu. "Tiyeni pa chulu pompano. Mundipatse nthawi yomwera kapu ya madzi basi, ndikachotsa inu mukuona."

"Ukachotse? Ufufute umboni ine ndikuyang'ana?"

Adamulanda laputopuyo, n'kuimenyetsa pa mtondo kamodzi, kawiri, mpaka galasi lidamwazika pabwalo. Imelda atafuna kuigwira, adalandira mbama imene idamugwetsera pa mtedza uja. Kadali koyamba chikwatirane kuti dzanja la Ackson limukhudze motero. Naomi adathawira kuseri kwa khola akulira.

Taonani mmene nsanje imapusitsira munthu. Mankhwala a nthenda yake adali m'manja mwake, iye n'kuwaswa yekha. Akulu adati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo Ackson adali atayamba kale kuika njerwa. Laputopu itafa, kadontho kadatsala pomwepo, pa denga lake, popanda woti akasunthe.

Imelda akadauza a ku ofesi tsiku lomwelo, mwina nkhani ino sikadakhalapo. Koma akadanena kuti chiyani? Kuti mwamuna wake uja ankamunyadira waswa katundu wa bungwe? Ankaopa kuchotsedwa ntchito, ankaopanso kuti apolisi angamutenge Ackson. Adangolemba uthenga kuti akudwala malungo, n'kumabisa tsaya lotupa ndi mpango.

Zinthu sizidadikire. Anthu a m'makomiti a mijigo ankakhulupirira mapu aja, choncho mjigo ukafa ankatsata kadontho kofiira. Adayamba kufika kwa Msinde, ena panjinga zakapalasa, ena wapansi. M'mawa wina Ackson ali pakhonde akusukusula, bambo wina wachikulire wa kumbali ya Kasiya adavula chipewa pabwalo.

"Odi kuno! A Hudson adzuka?"

"Mukuti ndani?"

"A Hudson Mwale, a mijigo. Foni ikuti amapezeka pano. Kapena inu ndinu alamu awo?"

Beseni lamadzi lidauluka n'kumuphonya pang'ono mlendoyo, amene adathawa osatsanzika. Zonsezi ankazionera pa mpanda Salome, mkazi wa nyumba yoyandikana nayo. Salome adali pa sukulu limodzi ndi Imelda, koma iye adalekezera panjira, ndipo laputopu ija inkamubaya m'maso chiyambire. Asanafike masana, nkhani idali itafika pa mjigo, kuchigayo ndi pamsika, ndipo paliponse inkafika itanenepa. Ena adati njinga ya Hudson imagona kuseri kwa nkhokwe. Ena adayamba kumuyang'anitsitsa Naomi mphuno.

Ackson adasanduka munthu wina. Makasitomala ankamuitana iye ali pa foni, kutsegula mapu, kutseka, kutsegulanso. Ali ku Mpingu kadontho kali pa denga lake. Ali ku Nsaru kali pomwepo. Munthu wodekha akadadzifunsa kuti kodi ndi mwamuna wanji amene sachoka pa nyumba ya mnzake ngakhale kupita kutchalitchi. Koma nsanje siisowa yankho. Ackson adagamula kuti Hudson adasiya foni yake m'nyumbamo, monga mwamuna amasiyira jekete kwa mkazi wake. Tsiku lina adabwera masana n'kung'amba matiresi ndi mpeni, kukhuthula ufa pansi, kukumba ndi khasu pansi pa bedi. Atalephera kupeza kanthu adamugwira Imelda pakhosi n'kumukanikizira kukhoma.

"Waibisa kuti? Nena!"

"Mundipha, a Phiri," adatero movutikira. "Palibe foni muno. Mundiphera chinthu choti kulibe."

Kukuwa kwa Naomi ndiko kudaitana anthu. Pamenepo malume ake a Imelda, a Isaki, amene adali nkhoswe ya ukwatiwo, adati zakwana, ndipo adaitanitsa nkhoswe ya kuchimuna ku Nambuma. Adakhala pansi pa mango uja. A Isaki adali mlimi wa fodya, za makompyuta sankazidziwa, koma adamvetsera mphwawo akufotokoza mpaka adamvetsa.

"Bambo a Naomi," adatero, "nkhaniyi njosavuta. Tinyamuke tonse tipite ku Nsaru, tikawapeze a Hudson ali pakhomo pawo, foni yawo ili m'thumba. Tikatsegule mapuwo ali pomwepo. Tikaona kadontho kadakali kwa Msinde, tidziwa kuti kamanama."

"Ali ndi mafoni awiri amene uja. Ina anaisiya kwanga."

"Mwaipeza?"

"Anaibisa uyu."

"Nanga mulole mkazi wanu abwereke makina ena akonze, monga akunenera."

"Ayi!" Ackson adamenya pansi ndi chibakera. "Akakhudza iyeyu ndiye kuti akubisa chibwenzi chake. Kadontho kameneko kachoke kokha, mwini wake akasiya kubwera kwanga. Tsiku limene ndidzatsegule foni n'kupeza kachoka, ndidzadziwa kuti zatha, ndipo nkhani sindidzaikambanso. Koma kakapitiriza, a Isaki, musadzati sindinanene."

Ankhoswe adayang'anana. Ya kuchimuna idati munthu akapsa mtima umamusiya azizire. A Isaki adauza Imelda kuti akagone kwa mayi ake masiku angapo, koma iye adakana, poti ankamukondabe mwamuna wake ndipo sankafuna kuti anthu anene kuti wathawa chifukwa wagwidwa.

Mawu a Ackson adamupatsa Imelda nzeru imene idaoneka yabwino. Kadontho sikakadachoka kokha mpaka Yesu adzabwere, zimenezo ankadziwa. Koma akadakachotsa mobisa, Ackson akadatsegula foni n'kupeza kapita, ndipo mtendere ukadabwerera m'nyumba. Chosowa chidali laputopu basi. Munthu yekhayo amene akadamuthandiza osauza a ku ofesi adali Hudson.

Adakumana naye tsiku lamsika pa Kabudula, kuseri kwa mashopu. Hudson adali atamva kale manong'onong'o, ndipo ataona zipsera pakhosi pa Imelda adapukusa mutu.

"Mayi a Naomi, bwanji ndingopita ndekha ndikalankhule nawo akuluwo? Ine ndi bambo wa banja, andimvetsa."

"Musayerekeze, a Mwale. Akakuonani pakhomo paja kugwa maliro. Mungondipezera laputopu ya tsiku limodzi. Ndiikamo kachida kaja, ndilowa ndi dzina langa, ndibwezera kadontho kanu ku Nsaru, basi."

"Mphunzitsi wina kwathu ali nayo. Koma sangalole kuti ichoke m'manja mwanga."

"Mubwere nayo nokha pa chulu. Iwo amakhala ali ku siteji mpaka dzuwa kupendeka."

Adakumananso kachiwiri pamalo omwewo kuti apangane tsiku. Maulendo onse awiri Salome adali pamzere wa ogulitsa usipa, ndipo maso ake sadaphonye kanthu. Anthu awiri osalakwa ankanong'onezana ngati akuba chifukwa cha mantha, ndipo manthawo ndi amene adawaveka nkhope ya olakwa. Salome sadafunse, sadayandikire kuti amve. Adangopempha Nedson nambala ya Ackson.

Tsikulo lidali la mwezi wa Okutobala, kukutentha koopsa, anthu ali kumadimba kuthirira nazale za fodya. M'mawa Salome adamva Imelda akuuza mayi ake kuti amusungire Naomi, iye ali ndi kantchito pa chulu. Adaimba foni nthawi yomweyo.

"Alamu, ine sindifuna kunena za eni, koma lero mukafuna kuona ndi maso anu, mukhale pafupi ndi chulu cha mthethe."

Ackson adasiya kasitomala pa siteji. Njinga adaizimitsira patali n'kuikankha mpaka kuseri kwa chigafa cha fodya, pafupi ndi chulu. M'chigafamo mudali chikwanje chodulira mapaso. Adachitenga n'kukhala pansi, kudikira. Adadikira nthawi yaitali, yokwanira kuti mtima wa munthu uzizire, koma wake unkangowira. Adaona mkazi wake akukwera chulu yekha. Patapita nthawi adamva njinga ya Hudson.

Awiriwo adakhala pamthunzi wa mthethe, laputopu ili pamiyendo pa Imelda. Dzuwa linkawalira pagalasi, choncho Hudson adasendera pafupi n'kutchinga ndi chipewa chake, mitu yawo n'kuyandikana. Netiweki inkakoka pang'onopang'ono. Kachida kaja kadalowa, mizere idatseguka, ndipo Imelda adapeza mzere wa Hudson. Adafufuta manambala a nyumba yake n'kulemba a ku Nsaru, Hudson akumuwerengera. Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri, Imelda adaseka.

Kuseka kumeneko ndiko Ackson adamva.

Hudson ndiye adayamba kumuona akukwera chulu. Adaimirira mwaulemu, chipewa chili m'manja, poti chikwanje chidali kumbuyo sadachione.

"Akulu, mwafika bwino. Bwerani muone nokha, tangotsala pang'ono kuti..."

Sadamalize. Chikwanje chidatera pakati pa khosi ndi phewa, ndipo adagwada pansi ali ndi nkhope yodabwa. Imelda adakuwa, laputopu n'kugwera m'fumbi mabatani aja asanadinidwe.

"A Phiri, ayi! Tikuchotsa kadontho! Yang'anani pagalasipo, chonde yang'anani!"

"Ndakupezani! Lero ndakupezani, agalu inu!"

Adatemanso, natemanso. Hudson adayesa kudzitchinga ndi chipewa chija. Imelda adadziponya pakati pawo atakweza dzanja lamanja, ndipo chikwanje chidadutsa pa zala zake. Magazi adawazikira pa thunthu la mthethe, pa chitenje, pa laputopu ya mphunzitsi wosadziwa kanthu. Anthu a kumadimba atamva mfuu adataya makheni n'kuthamanga, a Isaki ali patsogolo, koma adapeza Ackson akuliza kale njinga.

Hudson adatsirizikira m'ngolo, pa njira ya kuchipatala cha Kabudula. Mawu ake omaliza adali ofunsa ngati wina angauze mkazi wake Lucia kuti ana asamudikire. Imelda adapulumuka, koma zala zitatu za dzanja lamanja zidatsala pa chulu.

Ackson sadapite patali. Mwini njinga atamva nkhani adatsegula foni yake n'kupita nayo kupolisi, ndipo dzuwa lisanalowe apolisi adamugwira Ackson pa Kasiya akumwa madzi pa mjigo, malaya ali magazi okhaokha.

Mlandu udazengedwa ku bwalo lalikulu ku Lilongwe patapita miyezi yambiri. Anthu a kwa Msinde ndi a ku Nsaru adadzaza mabenchi. Lucia adakhala kutsogolo atavala zakuda. Salome adaitanidwa ngati mboni, ndipo atafunsidwa chimene adaona ndi maso ake, chidatsala n'chakuti adaona anthu awiri akulankhula pamsika. Adatuluka ataphimba nkhope.

Loya wa Ackson adati munthu wake adangodzidzimuka atapeza mkazi wake ndi mwamuna wina, mtima n'kumulamulira. Loya wa boma adaitana mwini njinga, amene adaonetsa kuti thiraka idasunga ulendo wonse wa tsikulo. Njinga idafika kuseri kwa chigafa Hudson asananyamuke n'komwe ku Nsaru, ndipo idaima pamenepo nthawi yokwanira kuphika nyemba. Uko sikudali kudzidzimuka. Kudali kubisalira.

Imelda adafotokoza za mizere, za manambala awiri ndi za mabatani awiri, dzanja lake lili m'chitenje. Woweruza atamupempha kuti aonetse bwalo, adalitulutsa, ndipo m'mabenchi mudamveka kubuula. Ackson adayang'ana kumbali. Mpaka pamenepo adali akuumirirabe, ndipo atapatsidwa mpata adalankhula mokweza.

"Bwana, ine sindine wamisala. Kadontho ndinkakaona ndi maso angawa, tsiku ndi tsiku, pa denga langa. Makina sanama. Munthu uja ankakhala m'nyumba mwanga."

Loya wa boma sadatsutse. Adapempha kuti abweretse kanema wamkulu, n'kulumikiza laputopu, n'kutsegula mapu aja. Adafotokoza kuti apolisi adapempha bungwe kuti lisakhudze kalikonse mpaka mlandu uthe, choncho zimene bwalo likuona ndi za lero lomwe, ola lomwelo. Adakulitsa chithunzi mpaka padaoneka denga lamalata, khola ndi mtengo wa mango.

"A Phiri, nyumba iyi mukuidziwa?"

"Ndi yanga."

"Pa denga pali chiyani?"

"Kadontho kaja."

"Tawerengani dzina."

"Hudson Mwale."

"Mwati makina sanama. Ndiye tiuzeni, a Phiri, a Hudson Mwale ali kuti lero?"

Ackson adayang'ana kadonthoko, kofiira, kosasuntha, kali pomwe kadali tsiku limene Nedson adamukodola. Amene adayankha adali Lucia, osakweza mawu.

"Ali kumanda ku Nsaru. Ndinawaika ndekha."

Pamenepo, mochedwa, Ackson adatembenukira kwa mkazi wake. "Nabanda," adatero, "unkanena zoona." Imelda adangobweza dzanja lake m'chitenje.

Woweruza adati bwalo lapeza Ackson Phiri wolakwa pa mlandu wakupha mwadala ndi wovulaza mkazi wake. Adati adauzidwa choonadi ndi mkazi wake, adapatsidwa njira yochitsimikizira ndi ankhoswe, koma zonse adazikana. Adamulamula kukakhala kundende zaka makumi anayi akugwira ntchito yakalavulagaga.

Ine nkhani iyi imandipweteka chifukwa mulibe chigololo, mulibe ufiti, mulibe mdani. Muli cholakwa cha zala za mayi wotopa, pakamwa pa anzake osadziwa kusunga mawu, ndi mwamuna amene adakhulupirira kadontho kuposa munthu amene ankagona naye mphasa imodzi. Nsanje imayamba yagamula mlandu, umboni n'kumausaka pambuyo, ndipo chilichonse chimene yapeza panjira imati ndi chomwecho. Inu amene muli pabanja, mnzanu akati tandimverani, khalani pansi mumve. Kumva sikupha munthu.

Mlandu utatha, a ku ofesi adauza Imelda kuti tsopano mapu angakonzedwe, ndipo adafuna kupatsa wina ntchitoyo. Iye adati aichita yekha. Adakwera chulu chija ndi a Isaki, n'kutsegula mizere ndi dzanja lamanzere. Manambala a ku Nsaru sadawalembe, poti kumeneko kudalibenso mlangizi woti anthu akamupeze. Adafufuta mzere wonse, n'kudina mabatani awiri.

A Isaki ndi amene adapita kundende ya Maula kukamuona Ackson, atanyamula sopo ndi mawu akuti ukwati watha. Adamupeza atawonda, yunifomu itamukulira, maso atalowa m'kati. Sadafunse za nyumba, sadafunse za njinga. Adagwira waya n'kufunsa chinthu chimodzi.

"Kadontho kaja kadakalipo?"

"Kanachoka. Anakachotsa mayi a Naomi, ine ndili pomwepo."

"Zinatenga nthawi yaitali?"

"Ndinali nditatunga madzi m'kapu kuti ndimwe," adatero a Isaki. "Anamaliza ndisanatsirize."